Manovelo kapena nyuzipepala: n'chiti chimamuwonjezera mwana mawu a Chingerezi?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2. Akangomaliza ntchito za pakhomo amakhala ali pabuku, koma mabuku ake ndi manovelo okhaokha, ambiri achikondi, omwe amabwerekana ndi anzake. Bambo ake akuti kumeneko n'kutaya nthawi, ngati akufuna Chingerezi aziwerenga nyuzipepala ndi mabuku a kusukulu. Ine ndikuona kuti Chingerezi chake chikusintha, koma Biology ndi Geography sakukhoza bwino. Kodi mtundu wa zowerenga uli ndi kanthu pa kuphunzira mawu atsopano? Timulande manovelowo?

Yankho: Mayi, manovelowo musamulande. Komanso bambo akunyumbawo musawaone ngati akungolimbana ndi mwana, pali pena pomwe akulasa. Mtundu wa zowerenga uli ndi kanthu ndithu, ndipo zomwe mwafotokozazi, zoti Chingerezi cha mtsikanayu chikukwera koma ku Biology zinthu zikukanika, sizikundidabwitsa. Ndaziona kambirimbiri pa ana omwe ndawaphunzitsa. Novelo, nyuzipepala ndi buku la m'kalasi zonse n'zolembedwa m'Chingerezi, inde, koma mawu omwe zimanyamula si amodzi, ndipo kaperekedwe kake kwa wowerenga n'kosiyananso.

Tiyambe ndi momwe liwu lachilendo limalowera m'mutu mwa munthu amene akuwerenga. Limalowa ngati momwe mkamwini amadziwira anthu a m'mudzi womwe wakwatira. Tsiku loyamba waona nkhope kuchigayo, sanaigwire. Sabata yotsatira wakumana nayo kumsika, wati nkhope iyi ndinaionapo. Pamaliro wamva dzina. Pakutha pa miyezi ndiye wadziwa kuti ameneyu ndi mlamu wa amfumu, sachedwa kupsa mtima, ndipo khasu lake sabwereketsa. Liwu nalonso n'chimodzimodzi. Poyamba umangozindikira maonekedwe ake, kenako umayamba kuganizira tanthauzo, ndipo patapita nthawi m'pamene umadziwa mawu ena omwe limayenda nawo komanso malo omwe siliyenera kunenedwa.

Mu 2003, Rob Waring ndi Misako Takaki anayesa zimenezi ku Japan ndi ophunzira aakazi 15. Anawapatsa kabuku kosavuta ka Chingerezi komwe anachotsamo mawu 25 n'kuikamo mawu ongopeka, kuti pasapezeke wonena kuti anawadziwa kale. Ena mwa mawuwo ankapezeka kamodzi kokha m'kabukumo, ena kangapo, ena ka 15 kapena kuposa. Anawayesa atangomaliza kuwerenga, anawayesanso patatha sabata, kenako patatha miyezi itatu. Pofika miyezi itatuyo, pa mayeso omasulira tanthauzo, wophunzira ankakumbukira pafupifupi liwu limodzi lokha mwa mawu 25 aja, ndipo mawu omwe anapezeka kosakwana ka 8 anali atafufutika m'mutu. Buku limodzi silikwanira. Liwu likufunika likumane ndi mwana lero, likumane nayenso m'buku lina lisanazilale.

Palinso nkhani ya kulemera kwa tsamba. Munthu sangaganizire tanthauzo la liwu lachilendo ngati mawu oyandikana nalo nawonso ndi achilendo. Batia Laufer wa ku Israel anapeza mu 1989 kuti wowerenga akufunika kudziwa mawu osachepera 95 mwa mawu 100 aliwonse kuti amve zomwe akuwerenga. Mu 2000, ku New Zealand, Marcella Hu ndi Paul Nation anati kuti munthu awerenge nthano yekha popanda womuthandiza, chiwerengerocho chikuyenera kufika 98. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma tengani tsamba la mawu 300. Pa 98, mawu achilendo ndi 6 okha tsamba lonse, mwana amawadumpha kapena kuwaganizira n'kumapitirira. Pa 95 afika 15, pafupifupi limodzi pa mizere iwiri iliyonse. Akatsika kufika pa 90 ndiye kuti mzere uliwonse uli ndi chitsa chomupunthwitsa, ndipo kumeneko sikulinso kuwerenga, n'kulima pamiyala ndi khasu lobuntha. Zinthu ziwirizi, kubwerezabwereza ndi kupepuka kwa tsamba, ndi zomwe ndimayezera mtundu uliwonse wa zowerenga.

Novelo imapambana pa kupepuka. Mawu ake ambiri ndi a tsiku ndi tsiku, anthu akuyankhulana, akudya, akukangana, akutsazikana. Chachikulu n'chakuti zinthu zomwe ikukamba mwana amazidziwa kale. Nsanje amaidziwa, manyazi amawadziwa, kunong'onezana amachita yekha ndi anzake kuseri kwa kalasi. Ndiye akakumana ndi liwu loti "whisper" pomwe atsikana awiri akuuzana chinsinsi mphunzitsi ali kutsogolo, ntchito yake n'kungomata dzina latsopano pa chinthu chakale. Mawu monga "glance", "shrug", "mutter", "frown" mwana wanu wawatola m'manovelo omwewo, ndipo m'buku la Geography sakanawapeza. Watolamonso zomwe dikishonale siiphunzitsa bwino: kuti amati "burst into tears", kuti "make up your mind" sizikukhudza kupanga chinthu chilichonse, kuti munthu akakwiya Chingerezi chake chimafupika motani.

Kenako pali kuchuluka. Novelo yapakatikati imakhala ndi mawu 50,000 kapena kuposa. Mwana amene akumaliza iwiri pamwezi akudutsa m'mawu ochuluka kuposa amene angawerenge m'nyuzipepala ya tsiku lililonse ngati akungosankha nkhani imodzi kapena ziwiri. Ndipo akuwerenga mosakakamizidwa, mtima uli m'mwamba kufuna kudziwa ngati mnyamata uja abwerere. Mphamvu imeneyo siigulidwa kusitolo. Ku Fiji, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anatenga ana 380 a m'sukulu zapulaimale 8 zakumidzi, zomwe zinalibe mabuku okwanira ngati zathu zambiri, n'kuwathira mabuku a nthano 250 a Chingerezi. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 1983, zinaonetsa kuti patatha miyezi 8 anawo anapita patsogolo kawiri kuposa mwa nthawi zonse pa kumvetsa zowerenga ndi zomvera. Amenewo anali mabuku a nthano, osati a galamala.

Tsono pomwe bambo akulasa ndi apa. Mu 2000, Averil Coxhead wa ku Victoria University of Wellington anasonkhanitsa zolemba zamaphunziro za mawu pafupifupi 3.5 miliyoni, n'kusankhamo mabanja a mawu 570 omwe amapezeka m'maphunziro osiyanasiyana, kaya ndi zamalamulo, zamalonda kapena sayansi. Banja la mawu ndi liwu limodzi pamodzi ndi ana ake, monga "analyse", "analysis", "analytical". Mndandandawo umatchedwa Academic Word List. Mawu amenewa ndi monga "factor", "process", "significant", "assume", "distribute". Anapeza kuti m'zolemba zamaphunziro, mawu 10 mwa 100 aliwonse amachokera pa mndandandawu. Atauyesa pa nthano, anapeza 1.4 yokha. Ndiye taganizirani, mwana wanu atha kumaliza manovelo odzadza katoni osakumana mokwanira ndi mawu omwe akumudikirira pa tsamba lililonse la Geography. Si kuti ndi mbuli, kungoti kumene amapita kukatunga kulibe madzi amenewo. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Noveloyo ili ndi vuto linanso. Olemba nthano sakonda kubwereza liwu, amafuna kukometsa. Munthu akayenda pa tsamba 10 amati "strolled", pa tsamba 40 "trudged", pa tsamba 90 "ambled". Mawu okongola ngati amenewa amabwera kamodzi n'kusowa. Mwana amamva kuti munthuyo wayenda, nkhani n'kupitirira, liwulo osatsala. Choncho novelo imalimbitsa kwambiri mawu ofala omwe mwana amawadziwa mwatheka, koma mawu ake osowa ambiri amangodutsa.

Buku la m'kalasi limachita zosemphana ndi zimenezi. Wolemba Biology akayamba kunena za "enzyme" sangalisinthe dzina kuti zikome, alibwereza mpaka mutuwo utatha. Dee Gardner wa ku America anayerekeza mu 2004 mabuku a nthano ndi mabuku ofotokoza zinthu omwe ana amawerenga, ndipo anapeza kuti nthano zimadalira kwambiri mawu ofala, pomwe mabuku ofotokoza zinthu amakhala ndi mawu ambiri apadera ndipo amawabwereza kwambiri. Bukuli limathandizanso chifukwa nthawi zambiri limamasulira liwu pomwepo, n'kuikapo chithunzi. Pa kubwereza ndiye lapambana. Pomwe limagwa ndi pa kulemera. Teresa Chung ndi Paul Nation atawerengera mawu a m'buku lina la kapangidwe ka thupi la munthu, anapeza kuti pafupifupi liwu limodzi mwa atatu aliwonse linali la phunzirolo basi. Ndipo mawuwo amabwera atasenza akatundu awiri. "Whisper" ndi dzina latsopano la chinthu chakale, koma "osmosis" ndi dzina latsopano la chinthu chomwe mwana sanachiganizirepo chibadwire. William Nagy ndi anzake anaonetsa mu 1987, pa ana a ku America omwe Chingerezi n'chinenero chawo, kuti mawu onyamula ganizo lachilendo chotere sagwidwa pongowerenga. Ngati eni chinenero akulephera, nanga mwana wa Fomu 2 amene kunyumba amayankhula Chichewa? Mawu amenewa amafuna mphunzitsi, choko ndi kuyesa ndi manja.

Koma ndikuuzeni chomwe ndinachiona ndekha. Mawu ngati "photosynthesis" si omwe amagwetsa ana kwambiri, chifukwa aphunzitsi amawalemba pabolodi, ana n'kuloweza. Chaka china ndinkachonga mayeso oyeserera a Geography pothandiza mnzanga. Funso linayamba ndi mawu oti "Account for", likufuna kuti ana afotokoze chifukwa chomwe mvula imagwa yambiri mbali imodzi ya phiri kusiyana ndi inzake. Mtsikana wina wanzeru, amene nkhani ya mphepo yokwera phiri ankaidziwa bwinobwino, analemba manambala okhaokha a kuchuluka kwa mvula, mwaukhondo, m'mizere iwiri. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, ndimaona ngati akufuna ndiwerengetsere ngati ku akaunti." Yankho anali nalo m'mutu, chomwe chinamutsekereza ndi mawu awiri ang'onoang'ono omwe palibe anamuphunzitsapo, chifukwa wa Geography ankati ndi ntchito ya wa Chingerezi, wa Chingerezi nayenso ali kalikiliki ndi ndakatulo. Mawu apakatikati amenewa, omwe sali a pamsewu komanso sali a phunziro limodzi, ndi amasiye m'sukulu zathu. Pomwe mayeso a MSCE, kupatula a zinenero zina monga Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi, ndipo satifiketi siituluka ngati Chingerezicho munthu walephera.

Nanga nyuzipepala yomwe bambo akuikhulupirirayo? Ndi yabwino, koma si yophweka monga ambiri amaganizira. Paul Nation atawerengera mu 2006 anapeza kuti pofuna kufika pa 98 paja, nyuzipepala imafuna mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000, chimodzimodzi ndi novelo ya akuluakulu yosafewetsedwa. Ophunzira ambiri a kusekondale sali pafupi ndi chiwerengero chimenecho. Choipitsitsa n'chakuti nyuzipepala imadumphadumpha. Tsamba loyamba ndi ndale, lachiwiri khothi, lachitatu mitengo ya fodya, kumapeto mpira, ndipo nkhani iliyonse ili ndi mawu akeake. Mwana akaiwerenga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo amakumana ndi mawu achilendo ambirimbiri, lililonse kamodzi. Mitu ya nkhani ndiye musanene, imalembedwa m'Chingerezi chachidule chomwe palibe amayankhula, cha "probe", "nab", "woo".

Njira yake ilipo, ndipo katswiri wa kaphunziridwe ka zinenero Stephen Krashen ndi amene anaitchukitsa: kuwerenga zambiri pa mutu umodzi kapena za wolemba mmodzi, m'malo mongoyendayenda. Norbert Schmitt ndi Ronald Carter anaiyesa mu 2000 poyerekeza nkhani za m'nyuzipepala zokamba za imfa ya Princess Diana ndi nkhani zina zosagwirizana koma zofanana kutalika. Nkhani za mutu umodzi zija zinali ndi mawu osiyanasiyana ochepa, ndipo mawuwo ankabwerezedwa kwambiri. Ife kuno tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo chakumwera. Kwa masabata angapo nyuzipepala zinali ndi mawu omwewomwewo: "displaced", "mudslide", "relief", "death toll", "evacuate". Mwana amene ankatsatira nkhani imeneyo, atamva kale pawailesi m'Chichewa zomwe zinachitika ku Chilobwe ndi ku Mulanje, anawagwira mawuwo popanda dikishonale. Nkhaniyo ankaidziwa, mawu ankabwera tsiku ndi tsiku. Mlandu wa kukhothi womwe ukutenga miyezi umachitanso chimodzimodzi ndi "alleged", "adjourn", "bail", "witness". Ngakhale mpira wa Bullets ndi Wanderers umaphunzitsa, ngati mtima wa mwana uli komweko.

Pali phindu lina la kusakaniza zowerenga lomwe anthu saliganizira. Liwu limodzi limasintha malaya malinga ndi komwe lapita. "Cell" m'nyuzipepala ndi chitokosi cha apolisi, ku Biology ndi kanthu kakang'ono kwambiri komwe kamapanga thupi la chamoyo, ku Physics ndi batire. "Solution" m'novelo ndi njira yothetsera vuto, ku Chemistry ndi madzi omwe mwasungunuka mchere kapena shuga. Mwana amene amalidziwa liwu mbali imodzi yokha ndiye ali pangozi kuposa amene salidziwa n'komwe, chifukwa safunsa, amaona ngati wamva.

Za ndakatulo sindichedwapo. N'zokoma ndipo zimanola khutu, koma pa nkhani yowonjezera mawu n'zazifupi ndipo mawu ake ambiri ndi osowa. Mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook nawo ndi Chingerezi chofala chomwe mwana ali nacho kale, chosakanikirana ndi Chichewa ndi zidule. Baibulo ndi nkhani ina. Ngati pakhomo panu pali la Chichewa ndi la Chingerezi chamakono, kuwerenga chaputala chomwecho uku ndi uku kumathandiza kwambiri, poti nkhani amaidziwa kale. La King James lokhalo, lomwe linatuluka mu 1611, lili ndi Chingerezi chomwe mwana akachilemba pa mayeso achongedwa ndi cholembera chofiira.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Manovelo apitirize, koma muyese kulemera kwake. Atsegule tsamba lililonse lapakati, awerenge, ndipo liwu lililonse lomwe sakulidziwa apinde chala. Zala za dzanja limodzi zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira, alisunge kaye. Akamaliza tsamba osapinda chala n'chimodzi chomwe, bukulo likumuthandiza kuthamanga powerenga koma mawu atsopano sakupezamo, ndiye asakanize ndi lolemererako. Alipo mabuku a nthano olembedwa dala ndi mawu owerengeka motsatira msinkhu wa wophunzira, monga a Oxford Bookworms ndi Penguin Readers, ndipo ena mwa iwo si nthano, amakamba za nyama, nyengo, thupi la munthu ndi mbiri za anthu. Amenewa ndiwo mlatho wabwino pakati pa novelo ndi buku la Biology. Kafunseni ku laibulale ya sukulu kapena ku nthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi. Komanso asamangokhala pa zachikondi. Nthano za apolisi ofufuza milandu, za maulendo ndi za mbiri yakale zili ndi mawu ena omwe zachikondi zilibe. Zoti m'manovelo achikondiwo muli zoyenera msinkhu wake kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina, mutsegule nokha muone monga kholo.

Bambo apatsidwe ntchito yomwe akuifunayo. Azibwera ndi nyuzipepala, ngakhale ya dzulo yobwereka kuntchito, koma asamuuze mwana kuti werenga yonse. Asankhire limodzi nkhani imodzi yomwe ikupitirira, aitsate kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo madzulo mwana aziwafotokozera m'Chichewa zomwe zachitika lero. Kufotokozako n'kofunika, chifukwa liwu lomwe munthu walifunafuna kuti aligwiritse ntchito limakhazikika kuposa lomwe langodutsa m'maso.

Mawu amasiye aja ndiye musawasiyire mwayi. Amenewo amafuna kuwasaka mwadala. Akhale ndi kakope kakang'ono. Akamawerenga Geography kapena Biology, asamangolemba mawu akuluakulu omwe alembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri, azilembanso ang'onoang'ono omwe akumawaona m'maphunziro angapo, monga "vary", "occur", "whereas", "consist of", "account for". Liwu lililonse alilembe pamodzi ndi chiganizo chomwe walipezamo, tanthauzo m'Chichewa kuseri kwa tsamba, ndipo azidzifunsa yekha mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata. Asaope kulemba tanthauzo m'Chichewa. Ena amati kutero kumaononga Chingerezi, ine sindinaonepo mwana ataonongeka nazo. Mawu 5 patsiku akwanira. Mndandanda wa Coxhead uja umapezeka ulere pa intaneti, wogawidwa m'magulu 10 kuyambira mawu ofala kwambiri, ndipo gulu loyamba lili ndi mabanja 60 okha. Mapepala a mayeso akale a MANEB nawonso ndi mtundu wa zowerenga pawokha, awerenge mafunso okhaokha osayankha, n'kumadula mzere pansi pa mawu omwe akulamula chochita.

Musanagule kalikonse, yesani kaye ichi usiku uno. Tengani buku lake la Biology, musankhe ndime imodzi ya mutu womwe anaphunzira kale m'kalasi, awerenge mwakachetechete, atseke buku, akufotokozereni m'Chichewa. Akafotokoza bwino, ndiye kuti vuto si mawu, mwina ndi nthawi yomwe akuipereka ku phunzirolo kapena kayankhidwe ka mafunso, ndipo apo bambo angagwirizane naye za maola a novelo ndi maola a kope. Akamajejema, mutsegulenso bukulo, akulozereni ndi chala liwu lomwe lamuimitsa. Muone ngati ndi lalikulu la Biology kapena ndi kakang'ono kapakati pa chiganizo. Lalikululo apite nalo kwa mphunzitsi mawa, kakang'onoko kalowe m'kakope.